Mbendera ya Kwawo kwa Amayi

Bambo anga atamwalira tinachoka ku Kambuzuma, dera lina la mu Harare. Nyumba ija sinali yathu, ndipo mwini wake anali atayamba kale kunena kuti akufuna kuikamo mwana wake. Bambo anagwira ntchito moyo wawo wonse ku Willowvale, pa fakitale yolumikiza magalimoto, mpaka pamene fakitaleyo inachepetsa anthu iwo n'kubwerera kunyumba ndi ovololo ndi chifuwa chosamva mankhwala. Makolo awo anachokera ku Dedza, ku Malawi, koma iwo anabadwira ku Harare konkuno. Amayi anali a ku Tete, ku Mozambiki. Za kwawoko ndinkadziwa dzina lokhalo. Iwo sankanena, inenso sindinkafunsa.

Tinasamukira ku Epworth, kunja pang'ono kwa Harare, ine ndi amayi. Mwamuna wanga anali ku Joni, ankabwera pa Khirisimasi pokha. Amayi anapeza zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa mumpingo mwathu, n'kuika tebulo m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pomwe amaima makombi, maminibasi a kuno. Ankagulitsa tomato, anyezi, repu ndi matemba. Ine ndinkagwira ntchito m'tauni, pa kashopu kosindikiza mapepala, koma osati tsiku lililonse. Masiku otsalawo ndinkakhala nawo patebulo, chifukwa miyendo yawo inali itayamba kutupa ndipo kuimirira nthawi yaitali kunkawavuta.

M'nyumba mwathu Chichewa chinali cha anthu awiri, bambo ndi amayi. Ankandilankhula m'Chichewa, ine n'kumayankha m'Chishona, monga ankachitira ana ambiri a ku Kambuzuma. Kusukulu ukangolakwitsa n'kutulutsa liwu la kwanu, anzako ankakuseka tsiku lonse kuti ndiwe mubhurandaya, munthu wa ku Blantyre, ngakhale Blantyreyo sunamuonepo. Bambo atapita ndinaona kuti amayi atsala opanda wocheza naye m'chilankhulo chawo, kupatula Lamulungu kutchalitchi. Ndinayamba kudzikakamiza kuwayankha m'Chichewa. Mawu akandithawa ndinkawafufuza pa foni, ndipo m'kufufuzamo ndinapeza wiki ya Chichewa, masamba a pa intaneti amene munthu aliyense angathe kulembapo kapena kukonza zimene ena alemba. Masambawo anali ochepa, ambiri aafupi, ena osiyidwa panjira.

Kulemba nkhani yathunthu ndinkaopa, Chichewa changa chinali chopunduka. Ndinadzisankhira kantchito kochepa. Panali tsamba la mayiko a mu Africa, mayina okhaokha. Pa wiki za zilankhulo zina dzina la dziko lililonse limakhala ndi kambendera pambali pake, kakang'ono ngati chikhadabo cha mwana, koma patsamba lathu panalibe. Ndinaphunzira mmene amachitira. Umalemba zilembo zitatu zoimira dzikolo pakati pa tizizindikiro topindika, ukasunga tsambalo kambendera kamatulukira kokha. Tsiku limene ndinatulutsa ka Zimbabwe ndinaseka ndekha mpaka mayi amene ankasankha anyezi anandiyang'ana modabwa.

"Iwe ukusewera chiyani pamenepo, makasitomala akudutsa?" amayi anandifunsa.

Ndinawaonetsa. Kuwerenga kunkawavuta, ankangodziwa manambala a nyimbo za kutchalitchi ndi mayina a m'makombi, koma maso awo anali akuthwa.

"Iyi ndi ya kuno, ya mbalame ija," anatero. "Nanga ya kwawo kwa bambo ako?"

Ndinaika ka Malawi, n'kuwaonetsa kuti ukakagogoda ndi chala kamakula kudzaza galasi lonse la foni. Anayang'ana dzuwa lofiira lija n'kugwedeza mutu.

"Munthu uja anakalamba akunena kuti apita chaka chamawa," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo tinapeza chochita masana, pamene msewu unkakhala zii, anthu ali kuntchito. Ine ndinkaika, iwo ankaweruza. Ya Zambia anati mbalame yake aikankhira pakona ngati mlendo wosafunika. Ya Lesotho anaikonda chifukwa cha chipewa. Za mizeremizere zopanda chithunzi ankati eni ake anali pa changu. Ankaseka, ndipo kuyambira pa maliro a bambo ndinali ndisanawamve akuseka choncho.

Ya Mozambiki ndinaifika mwezi wa Okutobala, kukutentha moti tomato ankafewa tikumuona. Ndinalemba zilembo zake, kambendera n'kutuluka: kobiriwira, kakuda, kachikasu, ndi kofiira kumbali, pofiirapo pali kadontho. Ndinatembenuza foni mokondwa.

"Nayi yakwanu, amayi."

Sanailandire foniyo. Anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti, "Ikulitse."

Ndinaigogoda. Kadontho kaja kanali nyenyezi. Panyenyezipo panali buku lotsegula, ndipo pamwamba pa bukulo khasu ndi mfuti zinali zitapingasana. Mfutiyo inali ndi mpeni kunsonga. Ine ndinali ndisanaiyang'anitsitsepo mbendera imeneyo chibadwire.

"Ikadalipo mfuti ija," amayi anatero motsitsa mawu. "Ndinkayesa anaichotsa nkhondo itatha."

Anatembenuka n'kuyamba kusanja tomato amene anali wosanja kale. Patapita kanthawi, osandiyang'ana, anati, "Ichotse. Usaike chinthu chimenecho pa dzina la kwathu."

Ndinaichotsa pomwepo. Mmawa wake nditatsegula tsambalo ndinapeza kambendera kaja kabwerera. Wolemba wina, amene sindikumudziwa ngakhale kumene amakhala, anali atakabwezera n'kundisiyira mawu aulemu, akuti mwina ndakafufuta mwangozi, ndipo mayiko onse patsambalo ayenera kuoneka mofanana. Sanalakwe. Ndinawauza amayi mmene zinalili.

"Ndani ameneyo?"

"Sindikumudziwa, amayi. Aliyense amatha kukonza."

"Ndi wa kwathu?"

"Sindingadziwe."

Kenaka anati, "Msiye. Mbenderayo si yake, si yakonso."

Masewera athu anathera pomwepo. Sabata imeneyo sanandifunsenso za foni.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinakhala pamthunzi kuseri kwa nyumba, tikusankha matemba, kuchotsa timiyala ndi mchenga. Anali asanavule bulauzi yoyera ya amayi a mumpingo. Ndiye anangoyamba, ngati akupitiriza nkhani imene tinaisiya dzulo.

"Unali ndi malume ako."

Ndinasiya kusankha. Pa ukwati wanga amene anaima ngati nkhoswe ya kuchikazi anali mkulu wina wa mpingo. Nthawi imeneyo ndinawafunsa amayi ngati kulibe ngakhale mmodzi wa kwawo woti tim'tumire uthenga, iwo n'kuyankha kuti, "Kwathu kulibe anthu." Ndinkaganiza kuti anabadwa okha.

"Anali achimwene anga aakulu," anapitiriza. "Makolo athu anamwalira ine ndili wamng'ono, anandilera ndi iwowo. Anali aphunzitsi pasukulu ya m'mudzi mwathu. Sukulu yake ya dothi, denga la udzu, ana kukhala pansi. Panja panali mtengo wa bulugamu wosadzulidwa bwino nthambi, pomwe ankakwezapo mbendera. Mmawa uliwonse ankaikweza okha, ana akuimba m'Chipwitikizi."

Anati nkhondo itayandikira, anthu anayamba kuwachenjeza. Amuna a mfuti amene ankakhala kutchire ankadana ndi chilichonse cha boma, sukulu, chipatala, aphunzitsi. Mudzi wina kuseri kwa phiri unali utawotchedwa kale.

"Ndinawadandaulira. Ndinati achimwene, tsitsani nsaluyo muibise, ana aziphunzira popanda iyo. Anandiyankha kuti, 'Mlongo wanga, ndikaitsitsa asilikali a boma adzati ndagwirizana ndi a kutchire. Ndikaikweza a kutchire adzati ndine wa boma. Ndiuze iwe, ndiiike pakati?' Ananena akuseka. Anali munthu woseka."

Tsiku lakelo amayi anali akuchokera kuchitsime, ndowa ili pamutu. Anamva mfuti kumbali ya sukulu, anataya ndowa n'kugwa m'udzu. Ali momwemo ankaona bwalo la sukulu. Ana anali atabalalika. Amuna aja anatsitsa mbendera, anadula chingwe chake, n'kumanga nacho manja a aphunzitsi. Anawasenzetsa thumba la chimanga pamutu manja ali chimangire, mmodzi akuligwirira kumbuyo, n'kuwatsogoza ndi anthu ena kulowera kumapiri. Kenaka denga la sukulu linayaka.

"Sanatembenuke," amayi anatero. "Ndinkafuna atembenuke, komanso ndinkapemphera kuti asatembenuke, angandione n'kundionetsa kwa anthu aja."

Anthu ambiri a m'mudzimo anathawira ku Malawi, chifukwa malire anali pafupi. Amayi anagwidwa dzanja ndi mayi wina woyandikana naye nyumba, amene mwamuna wake ankagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Zimbabwe. Mayiyo anati ndi bwino kupita kumene kuli munthu wotidziwa. Anayenda wapansi mpaka pamsewu wa phula, anakwera lole mpaka m'tauni ya Tete, anawoloka Zambezi, n'kupitirira. Amayi anagwira ntchito kufamu, kenaka m'nyumba za anthu ku Harare, mpaka anakumana ndi bambo kutchalitchi.

"Nanga munadziwa bwanji kuti anamwalira?" ndinafunsa.

"Aphunzitsi sankawasiya amoyo. Aliyense ankadziwa zimenezo."

"Bambo ankadziwa?"

"Ndinawauza kamodzi, tisanakwatirane. Sitinabwerezenso."

Anatenga lichero n'kuyamba kupeta matemba aja. Maso awo anali ouma. Amene ankalira ndi ine.

Masiku otsatira ndinkawanyengerera kuti tipite. Mabasi opita ku Malawi amadutsa ku Tete, ndinkati tikatsika kumeneko tikafunsa njira.

"Ndikaone chiyani? Udzu?" anayankha. "Ndi miyendo iti?"

Ndinafufuza dzina la mudzi wawo pa intaneti, osalipeza. Pa wiki panali dzina la boma lawo lokha, ndi mizere iwiri yonena kuti kumalimidwa chimanga ndi mbatata.

Ku Epworth anthu a ku Tete ndi ambiri. Pafupi ndi tebulo lathu panali mayi wina wogulitsa kaunjika, amene ankapita ku Mozambiki kukaoda mabelo a zovala. Anali wamng'ono kwa amayi, wamkulu kwa ine, wa mawu aakulu ndi mtima wabwino. Amayi ankamutchula kuti mwana wa kwathu. Ndinawapempha kuti andilole ndimufotokozere.

"Mufotokozere," anatero. "Koma akamva zoipa, asunge."

Mayi wa kaunjika anamvetsera nkhani yonse atagwira chibwano. Ndinam'patsa dzina la mudzi, dzina la malume ndi chiwongo chawo. Anati iye safika kumtunda kumeneko, koma ali ndi mlamu wake woyendetsa lole ya mbatata amene amadutsa midzi imeneyo, akamutuma. Ulendo uliwonse akabwerako ndinkamuthamangira asanamasule n'komwe mabelo.

"Sindinamve kanthu, mwanawe. Mlamu wanga akuti midzi ina inasamuka, ina inasintha mayina. Tisataye mtima."

Amayi sankafunsa. Koma ndinkaona kuti mayiyo akafika, iwo ankasiya zimene akuchita n'kuyang'ana nkhope yanga pobwerera.

Mvula inagwa, inatha. Kutupa kuja kunakwera kufika m'maondo, kenaka m'mimba. Kukiliniki anati ndi mtima, anawapatsa mapiritsi otulutsa madzi m'thupi. Anasiya kupita kutebulo. Ankakhala pakhomo atafunda bulangete, akuwotha dzuwa, kupuma kukumveka kwa munthu wodutsa panjira. Nthawi imeneyi ankalankhula za kwawo kuposa kale lonse, koma osati za nkhondo. Ankanena za mapichesi a kumunda kwa achimwene awo, za kuzizira kwa kumapiri, za mmene achimwenewo anayesera kuwaphunzitsa kulemba ndi kamtengo padothi, iwo n'kumathawira kukasewera.

"Ankati ndidzanong'oneza bondo," anatero tsiku lina. "Taona, lero ndikudalira iwe kundiwerengera mapiritsi."

Anamwalira mu Juni, mmawa wozizira. Anali atamwa tiyi pang'ono, n'kundiuza kuti ndipite ndikatsegule tebulo, tomato angaonongeke. Ndinakana, ndinakhala pambali pawo. Anagona ngati akupumula, ndipo sanadzukenso. Tinawaika ku Epworth konko. Mwamuna wanga anafika mwambo uli mkati, atayenda ulendo wonse wa basi osagona. Amayi a mumpingo anaimba nyimbo za Chichewa, oyandikana nawo anaimba za Chishona, ndipo mayi wa kaunjika ndi amene anasambitsa thupi pamodzi ndi anzake awiri a ku Tete.

Tebulo lija ndinalisunga. Sindinkadziwa chochita china ndi masiku amene sindinkapita m'tauni.

Mvula yoyamba itagwa chaka chomwecho, ndili patebulo ndikuphimba anyezi ndi pulasitiki, ndinaona mayi wa kaunjika akubwera mothamanga, mabelo ake atawasiya pamsewu pomwe kombi inamutsitsa. Atafika anaima, akupuma mwawefuwefu, kenaka anakhala pa kreti imene amayi ankakhalapo n'kuyamba kulira.

"Anabwerako," anatero. "Malume ako anabwerako."

Sindinamve bwino. Anabwereza. Mlamu wake uja anali atapeza mudziwo, unasamukira kufupi ndi msewu. Atatchula dzina ndi chiwongo, anthu anamulozera nyumba. Malume sanaphedwe. Anawasunga kutchire nthawi yaitali ngati wonyamula katundu, mpaka tsiku lina anathawa, mwendo umodzi utalumala. Anawolokera ku Malawi n'kuyamba kufunafuna mlongo wawo m'misasa ya othawa nkhondo, ku Dedza, ku Ntcheu, msasa ndi msasa, chifukwa anthu ambiri a m'mudzi mwawo anali kumeneko. Palibe amene anaona kumene mtsikanayo analowera. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, anayambanso kuphunzitsa, anakwatira, anabereka ana. Anamwalira ali nkhalamba, zaka zochepa zapitazo, mafoni atafika kale m'mudzimo.

"Mwana wawo woyamba ndi wamkazi," mayiyo anatero akupukuta misozi. "Anam'patsa dzina la mayi ako. Nambala yake ndi iyi, akudikira."

Sindinaimbe tsiku limenelo. Ndinatseka tebulo, ndinapita kumanda, ndinakhala pambali pa mtumbira umene mvula inali itayamba kuuphwetsa. Ndinkafuna kuwauza amayi. Ndinkangowerengera mumtima zaka zimene anthu awiriwa anakhala ndi moyo nthawi imodzi, wina ku Kambuzuma, wina kumapiri a Tete, ulendo wa basi wosakwana masiku awiri, aliyense akulira mnzake.

Mmawa wake ndinakwera pamiyala ikuluikulu ya kumtunda kwa nyumba yathu, pomwe netiweki imagwira bwino, n'kuimba. Anayankha mayi wa mawu ofewa, kumbuyo kwake kukumveka nkhuku ndi mwana akulira. Ndinadzitchula, ndinatchula dzina la amayi.

"Msuweni!" anakuwa. Ndinamumva akuitana anthu, akusakaniza Chichewa ndi Chipwitikizi. "Bwerani, ndi a ku Zimbabwe! Msuweni, bambo ankanena tsiku ndi tsiku. Ankati mlongo wanga sanafe, mtima wanga ukanandiuza. Akudwala komaliza anatilamula kuti tisadule mtengo wa mapichesi wa kumunda wakale, akuti azakhali anu akadzabwera adzadziwira pamenepo. Ali pompo azakhali? Apatseni foni ndimve mawu awo."

Mlamu wa mayi wa kaunjika sankadziwa za maliro, choncho sanawauze. Ndinakhala pansi pamwala.

"Msuweni," ndinatero, "azakhali anu anatisiya mu Juni."

Kenaka ndinamva akuuza anthu aja, ndipo kulira kunayamba, kwa akazi angapo, kulira kwenikweni kwa maliro, kwa munthu amene sanamuonepo. Ndinagwira foni kukhutu n'kumalira nawo mpaka mayunitsi anatha.

Masana anandiimbira iyeyo. Anafunsa matenda ake, anafunsa kumene tinawaika, anafunsa ngati anavutika. Ndinamuyankha zonse. Anapempha chithunzi, ndinamutumizira cha pa ukwati wanga, amayi atavala duku yobiriwira. Iye ananditumizira cha malume: nkhalamba yowonda, ya jekete lalikulu kuposa thupi, itakhala pampando kutsogolo kwa nyumba ya njerwa, ndodo ili pakati pa miyendo. Pakamwa pawo panali ngati akufuna kuseka. Mphumi ndi makutu zinali za amayi.

Tinagwirizana kuti ndidzapita akakolola, misewu ikauma. Anati adzandidikira pamsewu pomwe malole a mbatata amaima, ndipo ndisadzavutike kunyamula bulangete, kwawoko alipo okwanira.